Mmene tinapezera mphunzitsi wa ana aulumali pa mkombaphala ku Linthipe

Mphunzitsi tamupeza, kontirakiti wasaina, ndipo wayamba kale kubwera. Mtima wanga wakhala pansi tsopano, ngakhale ukali wa zomwe ndinakumana nazo pa boma sunathebe. Ndine mlembi wa komiti ya sukulu ina ya mkombaphala kuno ku Linthipe, ndipo ndikudziwa kuti ku Chimbiya, ku Lobi kaya ku Bembeke kuli makomiti ena okhala ndi ana ngati athuwa koma osowa poyambira.

Ana athu ndi a zaka 3 mpaka 5. Alezi ndi amayi a m'mudzi momwemo, odzipereka, ndipo amene anaphunzirako anangopita ku maphunziro a alezi a masabata awiri. Kuyimbitsa ana, kuwerengetsa ndi timiyala, kuphika phala, zonsezi amatha ndithu. Koma panali ana amene ankawasowetsa chochita: kamnyamata kosacheuka ukakaitana chakumbuyo, kamtsikana kosatulutsa mawu pomwe anzake onse akulongolola, ndi mwana wina amene anadwala malungo aakulu ali wakhanda, yemwe mpaka pano satha kukhala tsonga payekha. Makolo anagwirizana kuti tifune munthu wodziwa. Mpingo unatilumikizitsa ndi bungwe lina lomwe linavomera kulipira theka la malipiro, theka linalo lichokere m'munda wa kachewere wa komiti ndi m'zopereka za makolo.

Musanalembe chidziwitso chilichonse chofuna mphunzitsi, kayezetseni ana. Aphunzitsi amenewa sali amodzimodzi ayi. Ambiri amaphunzira ku Montfort Special Needs Education College ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndipo kumeneko munthu amasankha mbali yake: ana ovutika kumva, ana ovutika kuona, kapena ana ovutika kugwira maphunziro. Wodziwa Braille, zilembo za anthu osaona, sikuti adziwanso chinenero cha manja. Mukalemba munthu musanadziwe chomwe chikuvuta ana anu, mudzalipira mwezi ndi mwezi mwana wanu akadali pakona pomwepo. Ife tinayambira kwa a HSA, alangizi a zaumoyo a m'dera lathu, iwo n'kutilembera zopita kuchipatala cha boma, ndipo za makutu tinakafika mpaka ku ABC Hearing Clinic ku Area 47 ku Lilongwe. Kamnyamata kaja, kamene ena ankati nkamwano, kanapezeka kuti kamamva pang'ono kwambiri makutu onse awiri. Kamtsikana nakonso vuto lake linali la makutu, chifukwa cha mafinya amene anakhalitsa osachiritsidwa. Apo m'pamene tinadziwa kuti tikufuna mphunzitsi wa ana ovutika kumva. Mabuku a kuchipatala a anawo asungeni bwino, aliyense amene mudzakumane naye adzafuna kuwaona.

China chimene sadzakuuzani msanga ndi ichi. Sukulu za mkombaphala zili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, pomwe aphunzitsi a ana aulumali, a special needs, ali pansi pa unduna wa zamaphunziro, ndipo ambiri anapita ku Montfort ali kale pantchito ya boma ku pulayimale. Malo awo antchito amayambira Sitandade 1. Choncho palibe amene angakutumizireni mphunzitsi wotere ku mkombaphala ngati mmene amatumizira aphunzitsi ku pulayimale. Mudzifunira nokha. Amene anatitsegulira maso ndi a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale wa zoni yathu. Tinawapeza ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoniyo, anatikhazika pansi bwinobwino, n'kutiuza sukulu zomwe zili ndi resource centre, chipinda chothandizira ana aulumali, komanso za mphunzitsi woyendayenda amene amazungulira m'masukulu kuona ana aulumali. Pitani kwa a PEA msanga, kulibe cholipira.

Tsono ya pa boma ija. Bungwe lotithandiza linati silitulutsa ndalama popanda kalata yokhala ndi chidindo yotsimikizira kuti sukulu yathu ilipodi ndipo ndi yodziwika. Kalata ya tsamba limodzi. Ofesiyo sinditchula, koma anthu ake akudzidziwa. Ndinadzuka m'bandakucha mu June, kuzizira kwa Dedza mukukudziwa, n'kukwera minibasi ndi ndalama ya makolo yomwe anasonkha movutikira. Kufika, ofesi yotsegula, anthu alimo, koma akuti abwana ali ku workshop ku Salima. Ndinati, "Achimwene, kalata ndalemba kale ndi iyi, achiwiri awo sangasaine?" Akuti angasaine, koma chidindo chili mu dilowa, kiyi wapita ndi abwana. Ndinafunsa nambala yoti ndiziyamba ndaimba ndisananyamuke kunyumba, anandikaniza, akuti nambala za abwana sapatsa anthu wamba. Ndibwere Lolemba.

Lolembalo abwana analipo, koma mapepala amene ndinasiya anali atasowa. Satifiketi ya alezi, mndandanda wa ana, kalata ya a gulupu, zonse. Anandiuza ndikachititsenso fotokope panja, ndipo magetsi anali atazima tauni yonse. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chosadya, ndikuona anthu ovala mataye akulowa ndi kutuluka atathandizidwa. Chimene chinandiwawa koposa si njala kapena mphepo. Ndi mnyamata wina wa mu ofesimo amene anandikokera pambali n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, zinthu izi zimayenda pakakhala ya fanta." Ya fanta, pa kalata yothandizira ana osamva! Ndinamuyankha kuti ngati pali cholipira andiuze mtengo wake ndipo andipatse GR, risiti ya boma, chifukwa ndalama si yanga, ndikawerengera pamaso pa makolo. Anangoseka n'kuchoka. Kalatayo inadzatuluka patapita nthawi, popanda kulipira tambala, tsiku lomwe a tcheyamani athu anapita limodzi ndi a gulupu. Koma thiransipoti yomwe inathera pa msewu wa M1 ikanagula matumba a soya wa phala. Mpaka lero ndikadutsa pa khomo limenelo mtima umandiwira.

Ndiye mvetsetsani: pepala lanu lenileni musasiye mu ofesi ya munthu. Chititsani fotokope zambiri magetsi akadalipo, siyani kope, ndipo amene walandirayo alembe dzina ndi tsiku mu kabuku kanu. Ndipo musapite nokha ngati ndinu mayi wovala chitenje, tengani a mfumu.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa kalata ija tikuithamangira n'kuti chidziwitso titamata kale. Tinamata pa bolodi la ku TDC, tinalengezetsa m'matchalitchi ndi ku mzikiti, ndipo a PEA anachiponya m'magulu a aphunzitsi a pa WhatsApp. Makalata anabwera ambiri. Ochuluka anali achinyamata amene anamaliza ku TTC koma boma silinawalembe ntchito, ndipo ndinawamvera chisoni, chifukwa ndi ana abwino ofuna pogwira. Koma kuphunzitsa pulayimale ndi kwina, kuphunzitsa mwana wosamva wa zaka zinayi ndi kwina. Ena anabweretsa mapepala a ma workshop a masiku ochepa n'kumati ndi akatswiri. Pepala lotere si dipuloma. Funsani dipuloma ya ku Montfort kapena digiri ya special needs, yomwe amaphunzitsa ku Catholic University komweko ku Nguludi, ndipo imbani ku kolejiko mutsimikize kuti dzinalo analiphunzitsadi. Za MSCE ndi satifiketi ya uphunzitsi wa pulayimale amatsimikiza ndi a MANEB ku Zomba. Funsaninso ngati munthuyo analembetsa ku Teachers Council of Malawi.

Ife a ku Dedza tili ndi mwayi umene ambiri sauganizira. Sukulu ya ana osamva ya ku Mua ili m'boma lathu lomwe lino, kutsika phiri kudzera msewu wa Golomoti. Ulendo wake ndi wodula, koma ndi umodzi mwa maulendo amene sindidandaula nawo. Ndinaona ndi maso anga ana akukambirana ndi manja, akusekana, akukangana ngati ana ena onse, ndipo ndinabwerako ndi maganizo amene anatipulumutsa: tisalimbane ndi kufuna mphunzitsi wa tsiku ndi tsiku amene sitingathe kumulipira, tifune wopuma pantchito amene angabwere masiku angapo pa sabata n'kumaphunzitsa alezi athu. Mphunzitsi amene akadali pantchito ya boma sangasiye kalasi yake m'mawa kudzakhala ndi ana anu, ndipo mkombaphala umaweruka nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Musamuike m'mavuto ndi akuluakulu ake.

Intavyu musachitire mu ofesi. Ife tinayala mkeka pansi pa mtengo, ana ali pomwepo, ndipo aliyense tinamupatsa nthawi yochepa kuti asewere nawo. Pa gulu lofunsa tinaikapo amayi a kamnyamata kaja. Bambo wina wa mapepala okongola kwambiri anafika n'kufunsa choko ndi bolodi, ndipo nthawi yonseyo anaimirira. Mayi amene tinamutenga anavula nsapato, anagwada, anakagwira kamnyamata paphewa kuti kamuyang'ane kumaso, anatola kapu n'kukaonetsa ndi manja chizindikiro cha madzi. Kachitatu kamwana kanabwereza. Amake anagwira pakamwa, misozi ili mbwee. Mayiyo anaphunzitsa zaka zambiri mu resource centre asanapume. Titamufunsa za mwana wosakhala tsonga uja anatiuza mosabisa kuti imeneyo si mbali yake, mwanayo akufunika a physiotherapy kuchipatala ndi mpando womugwiriziza msana, umene kalipentala wa pamsika angakhome atauona muyezo wake. Munthu wonena chomwe sadziwa ndi amene mungamusiyire ana. Amene akuti ulumali uliwonse amautha, muperekezeni.

Mafunso ena ndi ochititsa manyazi koma afunseni. Mwana akadziipitsira, mutani? Akaluma mnzake? Akagwa khunyu? Amene anganene za kukaniza supuni m'kamwa mwa mwana wakugwa khunyu, kapena za kukwapula mwana ndi kabango, ameneyo ayi. Wodziwa amati mumuchotsere zinthu zomupweteka, mumugoneke chammbali kukomokako kukatha, ndipo musamuike kanthu m'kamwa.

Za chitetezo cha ana sitinachite chibwana, ngakhale mayiyo ndi wachikulire wolemekezeka. Tinafuna kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu, kalata ya a mfumu a kwawo, ndipo tinaimbira a hedi a sukulu imene anapumirako. Mu kontirakiti tinalembamo kuti sakhala ndi mwana awiriwiri m'chipinda chotseka. Mwana wosalankhula sangakakuuzeni chimene chamuchitikira, choncho komiti ndiyo iyenera kukhala maso. Lamulo loteteza ana la 2010 lilipo, ndipo wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu mumudziwe dzina ndi nkhope.

Ndalama. Apa tinakangana kwambiri mu komiti. Bajeti yoyamba tinaipanga kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mu February 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anakwera kufika K90,000 pa mwezi. Zonse tinawerengeranso. Musadalire nambala imeneyi, imasintha, kafunseni ku ofesi ya zantchito yomwe ilipo panopa. Funsaninso za penshoni, chifukwa lamulo limati wolemba ntchito aike 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndipo ndi bwino akuuzeni okha ngati wanuyo zikumukhudza. Ya kabaza ilembeni payokha, nthawi ya mvula mtengo umakwera ndipo mphunzitsi asamadye malipiro ake panjira. Timalipira pa Mpamba kapena Airtel Money kuti pakhale umboni, popeza bungwe lija limafuna kuona chilichonse.

Ndikanaiwala za makolo. Si onse anakondwa. Agogo a kamtsikana kaja anabwera kunyumba kwanga madzulo ena n'kunena kuti, "Amake mwana, mdzukulu wangayu anachita kumulodza, inu mukufuna kumuonetsa ku gulu kuti anthu azimuseka?" Ndinawapatsa mpando, ndinawaonetsa buku la kuchipatala, n'kuwauza kuti, "Agogo, a dokotala apeza kuti ndi makutu. Bwerani mawa mudzakhale nawo pamkeka, mukaona chosakukomerani mudzamutenge." Anabwera, ndipo pano ndi iwo amene amafika msanga kudzaphunzira zizindikiro za manja pamodzi ndi alezi. Musayeze mwana kapena kumulemba pa mndandanda wa aulumali makolo asanavomere. Ngati akukayika, alumikizitseni ndi makolo anzawo a ku PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, chifukwa kholo limamva msanga kholo linzake kusiyana ndi mlembi wa komiti. A MANAD, bungwe la anthu osamva, ndiwo eni ake chinenero cha manja cha kuno kwathu, ndipo mphunzitsi wathu anatichenjeza kuti tisamatengere zizindikiro za pa YouTube, zambiri ndi za ku America.

Ndibwerezenso: yezetsani ana kaye. Komiti ina yoyandikana nafe inatenga mphunzitsi wa ana ovutika kuona chifukwa anali pafupi ndiponso wotsika mtengo, pomwe ana awo vuto ndi kulankhula. Pano akusowa pomuchotsera.

Kamnyamata kaja kakwanitsa zaka 6 chaka chamawa, ndipo mu September kayenera kukayamba Sitandade 1. Mphunzitsi wayamba kale kukalembera faelo: zizindikiro zomwe kakudziwa, pomwe kayenera kukhala m'kalasi, zotsatira za ku Lilongwe. Faelo imeneyo tikaipereka tokha m'manja mwa a hedi ndi a PEA, kope n'kusunga kwathu. Makolo ake sanagamule ngati kapite ku Mua kapena ku pulayimale yokhala ndi resource centre, ndipo komiti siwasankhira. Chomwe chatsala kwa ife Loweruka lino ndi njerwa, chifukwa chimbudzi chathu chili ndi sitepe yaitali ndi khomo lopapatiza, ndipo mpando wa mwana uja sungalowemo. Tikufuna tikonze mvula isanayambe.