Bode ya Discovery yakwera, koma bawuti imodzi yandidyera masiku anayi

Akuluakulu, dzulo cha m'ma 4 koloko madzulo bode ya galimoto yanga ya Land Rover Discovery 3 inasiyana ndi chasisi. Pano yakhala pamigolo inayi ndi matabwa awiri a bulugama, ndipo chasisi tinaikankhira pansi pa mtengo wa mango, injini ndi giyabokosi zili poyera ngati mbuzi yosendedwa. Ana a m'makomo oyandikana akungosuzumira pampanda.

Amene simunatsatire kuyambira pachiyambi, galimotoyi ndi ya 2007, injini 2.7 TDV6, giya ya otomatiki ya ZF. Turbo, kachipangizo kokankhira mpweya mu injini, inayamba kulira ngati wenzulo, kenaka utsi wabuluu, oyilo n'kumatsika sabata iliyonse. Ena munandiuza kuti turbo imatuluka osakweza bode, bola kuchotsa tayala n'kulowera m'mbali. Zoona, alipo amatero. Ine ndinalowetsa mkono, n'kuutulutsa uli mabalamabala nati imodzi osaigwira n'komwe. Komanso paipi ya ekizozi yodutsa kuseri kwa injini, pamwamba pa giyabokosi, inkaonetsa mwaye, ndipo lamba wa pampu ya dizilo ali komweko kumbuyo. Ntchito zitatu pamalo amodzi osafikika. Ndinangoti basi, bode ikwere.

Zomasula n'zambiri koma si zovuta: mabampa, mapulasitiki a m'matayala, joini ya chiwongolero, mapaipi a mabuleki, a madzi, a AC, a mpweya wa sasipenshoni, chingwe cha giya, khosi la thanki, ndi mapulagi osawerengeka. Pulagi iliyonse ndinaimata tepi n'kulemba nambala. Chiwongolero ndinachimanga ndi lamba wapampando kuti chisazungulire, poopa kudula clock spring, waya wokulungidwa wa mkati mwa chiwongolero.

Tsono mabawuti ogwira bode alipo 10. Asanu ndi anayi anatuluka tsiku limodzi, ena mokuwa koma anatuluka. Yotsalayo, yakumbuyo, inayenda kamodzi, kawiri, kenaka n'kumva kuti phwa, n'kupepuka. Ndinasangalala pachabe. Nati yake ndi yowotcherera mkati mwa bode, ndiye inali itathothoka, ikungozungulira limodzi ndi bawuti. Osatuluka, osamangikanso, ndipo sipanala ilibe polowera.

Galimotoyi inachokera ku UK, kumene amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu. Penti yapamwamba ndi yonyezimira, koma kunsi dzimbiri limachita kugwa ngati makoko a mtedza. Tsiku loyamba ndinathira mafuta omasulira n'kudikira. Lachiwiri ndinakanikiza bode ndi jeke kuti natiyo igwire, ayi ndithu. Mlamu wanga anabwera ndi maganizo oti tiiotche ndi gasi, koma pamenepo pali labala wa maunti (pokhalira bode pa chasisi), mapaipi a pulasitiki a mpweya, ndipo thanki sili patali. Ndinakana. Galayindala nayo sinkafika, ndipo tsiku limene ndinabwereka kakang'ono magetsi anathima m'mawa n'kudzayaka usiku.

Chinandipulumutsa ndi mpeni wa hakiso. Ndinadula labala wa maunti pang'onopang'ono mpaka thupi la bawuti linaoneka, n'kukulunga nsanza mbali imodzi ya mpeni, n'kuyamba kucheka chogona chagada. Mpata wake unali woti mpeni uziyenda ngati utali wa chala. Mipeni itatu inathothoka mano. Wachinayi ndinakaugula ku Ndirande kwa mdala wina amene ndakhala ndikugulako zitsulo kuyambira kale. Iyeyu ukamuonetsa bawuti sayeza, amangoiyang'ana n'kupisa m'chitini n'kutulutsa mnzake. Anandipatsa mpeni wolimba wa bi-metal n'kunena kuti, "Achimwene, musathamange nawo, muzithira oyilo." Unadula Lachinayi masana. Chala chamkombaphala mpaka lero sichikupindika bwino.

Pochekapo ndinkakumbuka Nissan 1400 imene ndinayambira zamasipanala. Injini yake tinkaitulutsa anthu awiri ndi chingwe panthambi ya mango omwewa, nsima isanapse.

Kukweza nako kunali ndi kake. A m'magalaja akuluakulu amagwiritsa lifiti ya mizati iwiri. Ife tinawotcherera mapaipi okhuthala n'kupachika matcheni buloko awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Tinkakweza pang'ono, kuika thabwa, kuzungulira ndi tochi, kukwezanso. Itakwera ngati chikhatho mlamu anakuwa, "Alamu, imani kaye!" Waya wa earth unali utakungika ngati uta. Ndinali nditauiwala ngakhale ndinalemba ndekha papepala. Amene mukufuna kuyesa, musalowe pansi bode ikulendewera patcheni, dikirani ikhale pamigolo.

Turbo ndaigwedeza m'mawa uno, shafti ikusewera mbali zonse. Ina ikuchokera ku Johannesburg pabasi, pamodzi ndi malamba onse awiri, wa taimingi ndi wa pampu ya dizilo uja, ndi pampu ya oyilo, poti yonse ili poyera. Nati yothothoka ija ikadali mkati mwa bode, ndiganiza zodula kawindo pansi n'kuwotcherera ina. Mapaipi a mabuleki akumbuyo nawo adyeka, ndipo chasisi yonse ikufuna kupala ndi kupenta. Mayi a kunyumba afunsa kuti chingwe choyanikira zovala achipezanso liti. Ndawauza kuti mvula isanagwe tikhala tili ku Chelinda, pa Nyika, m'galimoto yomweyi. Angoseka n'kulowa m'nyumba.