Loweruka la mu Febuluwale pa Nyika: kuyendera maluwa kuchokera ku Chelinda

Mvula yagwa usiku wonse, ndipo kunacha nkhungu itaphimba mitengo ya paini ija inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950 pa Chelinda, malo ofikira alendo m'paki ya Nyika. Tinadikira kuti ikwere pang'ono, n'kunyamuka 7 koloko pamodzi ndi mlonda wa pakiyi. Pa Nyika sayenda pansi popanda woperekeza wovomerezeka, ndipo lamuloli n'loyenera: kuli akambuku, afisi ndi njovu, komanso zitunda zake n'zofanana kwambiri moti nkhungu ikatsika munthu sadziwa komwe wachokera. Nyengo ino tsiku la maluwa ndi la m'mawa. Mabingu amakonda kuyamba dzuwa likapendeka, choncho ulendo tinaukonza kuti pofika 1 koloko tikhale tabwerera. Makilomita 8 ndi okwanira. Woyang'ana maluwa sapitirira kilomita imodzi ndi theka pa ola, ndipo pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300 wochokera kunyanja kapena ku Lower Shire amapuma mwawefuwefu ngakhale pachitunda chaching'ono.

Chonyowetsa munthu m'mawa si mvula koma mame. Udzu umathira madzi m'nsapato kudzera pamwamba, ndiye jombo zachikopa zopakidwa mafuta sizithandiza ngati thalauzi ndi yajinzi, chifukwa jinzi imamwa madzi n'kuwatsitsira m'masokosi. Thalauzi yopepuka youma msanga, yolowetsedwa m'masokosi, imateteza ku mame ndi nkhupakupa zomwe. M'chikwama cha aliyense munali madzi malita 2, juzi, jekete ya mvula, masokosi ena ouma okulungidwa m'pulasitiki, ndi chakudya chosafuna moto. Chipewa chisaiwalike. Kuno kumazizira koma dzuwa limawotcha khungu munthu osamva.

Ola loyamba tinayenda pamtunda pouma, pa udzu waufupi. Apa pamachuluka Helichrysum, timaluwa toyera ndi tachikasu tokhakhala ngati pepala, tomwe timakhalapobe mpaka chisanu cha mu Juni ndi Julaye ena onse atafota. Tinaona Gladiolus wofiirira mopita kuchikasu, ndi Delphinium wabuluu ataima m'mbali mwa tizitsamba. Koma chofunika kuphunzira pamtundapu ndi kuwerenga lupsa. Ogwira ntchito m'pakiyi amatentha udzu chigawochigawo mvula ikangotha, nthaka ikadali ndi chinyezi, kuti moto wolusa wa mu Okutobala usadzapeze udzu wambiri. Pomwe panapsa chaka chatha udzu ndi wanthete, wobiriwira mowala, ndipo maluwa ali mbwee chifukwa dzuwa likufika pansi. Pomwe papita zaka moto osadutsa pali chiunjiri cha udzu wakufa, maluwa ndi apo ndi apo. Malire a zigawo ziwirizi amaoneka uli patali, ndipo zilembwe ndi mbidzi zimakonda mbali yanthete yomweyo. Ukaona komwe zikudya, lunjika kumeneko, koma uzisiyire mtunda.

Titatsikira kudambo la kumunsi kwa madamu a Chelinda ndi pomwe tinathera nthawi yambiri. Pa Nyika pali mitundu yopitirira 200 ya maluwa otchedwa orchid, yambiri ndi yomera pansi osati m'mitengo, ndipo imachita maluwa kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale. Malo abwino si pakati pa dambo, koma m'mphepete momwe chitunda chimayamba kuchucha madzi, kamzere ka mamita ochepa chabe. Pamenepo m'pomwe pamakumana zomera za pouma ndi za m'madzi.

Kudziwa dzina lenileni la orchid aliyense n'kovuta ngakhale kwa akatswiri, koma magulu atatu akuluakulu munthu angawasiyanitse tsiku loyamba lomwe. Gwada, yang'ana duwa limodzi chakumbuyo, uwerenge timichira tosunga timadzi totsekemera. Satyrium ali ndi kachipewa pamwamba ndi timichira tiwiri totsika kumbuyo kwake, ndipo mitundu ina imakhala ndi masamba awiri otambalala ogona pansi. Disa nayenso ali ndi kachipewa, koma kamchira n'kamodzi. Habenaria kawirikawiri ndi wobiriwira kapena woyera, tizigawo ta duwa lake n'tong'ambikang'ambika ngati ulusi, kamchira kamodzi kakatali kolendewera pansi. Ameneyu ndi amene anthu amamuponda kwambiri chifukwa amafanana ndi udzu. Mtundu wa duwa usakunamize: Disa ndi Satyrium onse ali ndi ofiira, apinki ndi oyera. Kagalasi kokulitsa zinthu ka 10x kamathandiza kwambiri, ndipo kagwiridwe kake n'kukayandikiza kudiso kenako n'kusendeza mutu kuduwa, osati kukatambasulira kutali.

Zithunzi zambiri za maluwa a pa Nyika zimalephereka pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi mphepo, yomwe siima. Mnzako aime kapena agwire chikwama mbali yochokera mphepo, iwe ujambule m'kanthawi kamene phesi lakhazikika. Foni imakonda kulunjika pa udzu wakumbuyo, ndiye ika chikhatho kuseri kwa duwa, dina pagalasi kuti ligwire, kenako chotsa dzanja. Chachiwiri n'kujambula nkhope ya duwa yokha. Wofuna kudzapeza dzina ajambule kanayi: chomera chonse ndi pomwe chamera, duwa chakutsogolo, duwa chachammbali kuti kamchira kaoneke, ndi masamba a pansi, pambali pali rula kapena ndalama yachitsulo yosonyeza kukula. M'kabuku mulembedwe ngati nthaka inali yonyowa, komanso ngati panapsa.

M'kati mwa dambo sitinalowe. Mudali Kniphofia wofiira nsonga ndi mapesi a Lobelia otalika kuposa munthu, koma zonsezi zimaoneka bwino uli m'mphepete. Ukaona Drosera, kachomera kofiira ka masamba onata kogwira tizilombo, dziwa kuti pansipo m'pofewa ndipo phazi lotsatira likhoza kulowa mpaka m'bondo. Mapazi a anthu asanu oyenda mondondozana amatsegula ngalande m'nthaka yotereyi, madzi n'kuyamba kutsata momwemo. Potsata njira za nyama sitiwononga zambiri.

Cha m'ma 11 koloko mlonda anatisonyeza maenje akale m'mbali mwa chitunda. Nguluwe zimafukula mosasankha, dothi n'kumwazika ponseponse. Awa anali timaenje tating'ono, tolunjika, kalikonse pomwe panali chomera chimodzi: ntchito ya okumba chinaka, timbatata ta ma orchid. Timbatata ta Disa, Satyrium ndi Habenaria timasinjidwa n'kuphikidwa ndi nsinjiro, soda ndi tsabola kukhala chikanda, chomwe msika wake waukulu uli ku Zambia. Vuto lagona m'kameredwe kake. Pansi pa chomera pamakhala timbatata tiwiri, kakale kofota komwe kadyetsa duwa la chaka chino, ndi katsopano kolimba kosungira chaka chamawa. Wokumba amafuna katsopanoko, ndipo kakachoka chomera chatha. Mbewu zake n'zonga fumbi, zilibe chakudya chawochawo, sizimera popanda bowa wina wa m'nthaka wozidyetsa, ndipo pamapita zaka kuti zifike pochita maluwa. N'chifukwa chakenso wozula orchid kuti akabzale kunyumba amangomupha. Ku Tanzania kukumba kotereku n'komwe kunathandiza kuti mapiri a Kitulo asandutsidwe paki mu 2005. Okumba ambiri ndi anthu osowa pogwira a m'midzi yozungulira, ndipo kuwagwira kokha sikungathetse nkhaniyi. Koma mlendo wothyola duwa kuti akakongoletse chithunzi alibe chowiringula n'chimodzi chomwe.

Chinanso chodetsa nkhawa n'chitsamba cha bracken chomwe chikufalikira m'zitunda. Mizu yake imayenda pansi pomwe moto sufika, ndipo pomwe chakuta palibe duwa lomera. Tinazungulira chigawo chachikulu ndithu osapezamo kanthu.

Isanakwane 12 koloko mitambo yakuda inaunjikana kumpoto, mbali ya phiri la Nganda, lomwe ndi lalitali kuposa onse pa Nyika, mamita opitirira 2,600. Mphezi ikang'anima werenga masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi. Tinawerenga 24, patapita kanthawi 15, ndipo tinatembenuka pomwepo. Zikatsika pansi pa 30 munthu ayenera kukhala akuchoka kale pamsonga. Pa udzu wopanda mitengo iweyo ndiye chinthu chachitali, choncho tsikira pakati pa chitunda, osati m'madzi a m'dambo, ndipo musayende mothithikana. Ambulera ndi ndodo zachitsulo zipindidwe. Mvula inatipeza patatsala pang'ono kufika, yozizira zedi. Wonyowa pamphepo ya pano amayamba kunjenjemera m'mphindi zochepa, ndiye jekete ivalidwe madontho oyamba asanagwe, isamadikire kuti juzi inyowe.

Madzulo ntchito inali kufufuza nkhupakupa kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'khwapa. Yoluma imagwiridwa pafupi ndi khungu n'kukokedwa molunjika, osaipotokola kapena kuiwotcha, ndipo wotentha thupi patatha masiku angapo auze adokotala kuti analumidwa. Jombo tazifwatika mapepala n'kuziika patali ndi moto, chifukwa chikopa choumitsidwa pafupi ndi malawi chimang'aluka. Amene akukwera nyengo ya mvula kuchokera ku Rumphi kudzera pachipata cha Thazima adziwe kuti ndi makilomita opitirira 100, ndipo mbali yaikulu ndi msewu wafumbi womwe nyengoyi umasanduka matope. Pafunika galimoto yokoka matayala onse anayi, mafuta odzadza a ulendo wopita ndi wobwerera, ndi kunyamuka m'mawa. Mawa, kukacha bwino, tilowera ku nyanja ya Kaulime kukaona madambo a kumeneko.