Zikomo kwa inu amene munandisunga ku Joni m'nthawi ya kolona

Abale ndi alongo, Loweruka lapitali tinamaliza kumanga chiliza pamanda a bambo anga kwathu ku Dedza, ndipo zonse zinayenda bwino. Ndinalonjeza mumtima kuti ntchito imeneyi ikadzatha ndidzathokoza poyera, chifukwa pali anthu amene sindinawauzepo zikomo wokwanira chiyambire 2020. Maina sinditchula. Ena mwa inu mudakali ku Joni, ndipo mukudziwa chifukwa chake dzina la munthu sitimaliponya pa Facebook mwachisawawa. Aliyense adzizindikira yekha.

Mliri unandipeza ku Johannesburg ndikugwira ntchito ya m'nyumba kwa mabanja awiri. Ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu ku Cosmo City, ndipo tinkagonamo awiri ndi mnzanga wa ku Ntcheu. Lockdown inayamba pa 27 Malichi 2020. A Ramaphosa atanena kuti ndi ya masiku 21, ife tinayang'ana thumba la ufa ndi botolo la parafini n'kunena kuti zifika. Kenaka anawonjezera mpaka kumapeto kwa Epulo. Adona onse awiri anatumiza uthenga woti ndiyambe ndakhala, adzandiitana. Mumsewu munali asilikali. Boma litalengeza za R350 ya pamwezi ya anthu osowa ntchito, ambiri a ife tinangoimva ngati nkhani ya eni dziko, poti mapepala athu sankatilola. Mmodzi wa adona aja anapitiriza kunditumizira theka la malipiro popanda womukakamiza. Chichewa sadziwa, koma mwana wanga adzamuwerengera mawu awa m'Chingerezi.

M'mwezi wa Meyi mabasi anayamba kunyamula Amalawi obwerera kumudzi, ndipo mnzanga uja anakwera nawo. Sindikanamuletsa, anali ndi ana aang'ono. Ine ndinatsala chifukwa ndalama ya basi ndiyo inali fizi ya mwana wanga. Kumapeto kwa mwezi womwewo kunamveka nkhani ija ya anthu oposa 400 ochokera ku South Africa amene anathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, ndipo kuyambira pamenepo mawu a kumudzi anasintha. Munthu wa ku Joni, amene dzulo lake ankamuchingamira padepoti chifukwa cha katundu, anasanduka wobweretsa matenda. Mnzanga anandiuza pafoni kuti akafika pamjigo amayi anzake ankachotsa ndowa zawo n'kuyamba aima poteropo. Ndiye taganizani: kuno akutitcha makwerekwere, kwathu akutiopa. Ndinadziona wopanda kolowera.

Njala ndinkaidziwa kale kuyambira ndili mwana. Chimene chinali chachilendo kwa ine ndi kutha tsiku lathunthu osatsegula pakamwa. Matiresi a mnzanga ndinawatsamiritsa kukhoma. Nsima ya munthu mmodzi ndi yovuta kuphika, kapoto kamangozungulira pasitovu ukamavundula, ndipo ukaomola chipande chimodzi n'kukhala nacho pansi wekha, chilakolako chimathawa. Ndinasiya kuphika, n'kumangodya buledi ndi tiyi. Masana ndinkagona, usiku ndinkakhala maso kumvetsera agalu ndi galimoto za apolisi. Tsiku lina foni italira ndinapeza kuti mawu anga asasa, osati ndi chimfine ayi, koma kusagwira ntchito.

Woyamba kuona kuti zinthu sizili bwino anali amayi eni nyumba. Mama, munaona kuti pachingwe sipakuyanikidwanso zovala zanga, ndipo munabwera kudzagogoda pawindo ndi mtengo wa tsache. Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likapendeka inu munkakhala pakireti pakhomo panu, ine pakhomo panga, bwalo lili pakati pathu. Inu Chizulu, ine Chizulu changa chothyokathyoka, koma tinkacheza mpaka chisanu kutithamangitsa. Munandisimbira za kwanu ku KwaZulu-Natal, za amuna anu amene anagwira ntchito kumigodi limodzi ndi Amalawi a nthawi ya Wenela, ndipo munkaseka kuti anthu a kwathu amapereka moni motalika ngati kuti tsiku silitha. Lendi munaidula pakati osandifunsa kuti yotsalayo ndidzabweza liti. Anthu amakonda kunena kuti eni dziko kumeneko onse amadana ndi alendo. Zoipa zilipo, tinaziona ndi maso, koma amene akunena kuti ndi onse sanakumane ndi Mama.

Pa 1 Meyi malamulo anapepukako, analola anthu kuyenda m'mawa kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko, osapitirira makilomita 5 kuchokera pakhomo. M'kuyenda kumeneko ndi mmene ndinakumana ndi mnyamata wa ku Nkhotakota amene ankagulitsa pa spaza (kagolosale kakang'ono) ya munthu wa ku Somalia. Ndinali kuwerenga makobidi padzanja, sanakwane, ndiye ndinangoti, "Kalanga ine." Kuseri kwa mawaya kunamveka mawu akuti, "Mayi, ndinu a kumudzi?" Ndinatsala pang'ono kulira pamaso pa anthu. Mwana iwe, unanditsegulira tsamba m'kope la ngongole la abwana ako, ukudziwa kuti ndikathawa idzagwera iwe. Za iwe ndinenanso.

Gulu la WhatsApp la amayi a mpingo wathu ndilo linandibwezera nthawi yodzuka. Amayi apampando anakhazikitsa lamulo loti m'mawa uliwonse aliyense alembe kuti "ndadzuka". Amene sanalembe pofika 10 koloko ankaimbiridwa foni, akapanda kuyankha ankatumidwa munthu wokhala pafupi kuti akasuzumire pageti. Poyamba ndinkaona ngati zachibwana. Koma pamene palibe ntchito, palibe tchalitchi, palibe wokudikira kulikonse, kudziwa kuti wina akwiya ukapanda kudzuka kumakudzutsa ndithu. Lamulungu tinkaimba nyimbo ya m'buku ndime ndi ndime, aliyense kujambula ndime yake n'kutumiza, wina kuyamba pamwamba kwambiri, wina mwana akulira kumbuyo. Sizinali zokoma m'makutu, koma ndinkazimvera mobwereza. Amene munkagulira anzanu data mwakachetechete, Mulungu akuonjezereni. Ndinenenso chilungamo kuti m'gulu momwemo munkadutsa mabodza ambiri, oti netiweki ya 5G ndiyo ikubweretsa matendawa ndi a mankhwala ochiza kolona tsiku limodzi, ndipo pali mayi mmodzi amene tinkakangana naye za 5G pafupifupi sabata iliyonse. Mayi inu, mkangano wathu uja unkandisunga maso kuposa tiyi. Zikomo.

Mu Julayi, chisanu cha ku Gauteng chili pakati ndipo matenda atafika pachimake, nane anandigwira. Kununkhiza kunatha, thupi linkaphwanya, chifuwa chili gwa. Kwathu munthu akadwala timapita kukamuzonda, timakhala pamphasa pambali pake, timamukakamiza phala. Matenda awa analetsa zimenezo, ndiye aliyense anachita kupeza njira yake. Mama ankaika mbale pakireti pakhomo panga, kugogoda, kubwerera kumbuyo, koma osachoka mpaka aone dzanja langa likutenga mbaleyo. Mnyamata wa pa spaza ankasiya parafini, mandimu ndi jinja pageti, ndipo tsiku lina anawonjezerapo kapepala ka usipa, sindidziwa kuti anaupeza kuti malire ali otseka. Ndinadzifukiza nthunzi ya masamba a bulugamu monga ankachitira aliyense. Mphuno zinkatseguka, koma sindinganamize munthu kuti ndiyo inandichiza.

Msuweni wanga amene ndi namwino ku Manchester ankandiimbira akaweruka kuwodi, nkhope ili ndi mizere ya masiki. Achemwali, inu munkaona anthu akufa tsiku ndi tsiku, komabe munkapeza mphamvu yondiwerengetsa mpweya pafoni. Munandiphunzitsa kugona chafufumimba kuti mapapo apepukidwe, kumwa madzi ngakhale ndisakufuna, ndipo munandiuza mosabisa kuti ndikayamba kulephera kumaliza chiganizo popanda kupuma, kapena milomo ikasintha mtundu, ndisadikire kuche, ndipite kuchipatala, za mapepala tidzaziona pambuyo. Sizinafike pamenepo. Ndinunso amene munazindikira, nditachira thupi, kuti maganizo sanachire, n'kundipatsa nambala yaulere ya bungwe la SADAG lothandiza anthu a nkhawa. Ndinazengereza, poganiza kuti zimenezo ndi za azungu. Nditaimba ndinapeza munthu amene anangondimvetsera osandidula mawu, ndipo ndikulimbikitsa aliyense wolemedwa mumtima kuti asachite nazo manyazi.

Bambo anga ankaimba Lamulungu lililonse madzulo. Mdzukulu wawo, mwana wa achimwene, ankawatsogolera pachulu pamene netiweki imagwira. Za kolona sankafuna kuzikamba. Ankandiuza za mbuzi imene yaswa, za mtengo wa mbatata pamsika, za mzere umene anaima pachisankho cha pa 23 Juni. Pomaliza ankafunsa kuti lero ndayankhula ndi ndani, ndikati palibe ankandikalipira kuti kali kokha n'kanyama, tuluka ukapereke moni ngakhale kwa mlonda.

Januwale 2021 aliyense akumukumbukira. Pa 12 tinamva kuti nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zamwalira tsiku limodzi, ndipo a Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi. Zipatala zinkasowa mpweya wa okosijeni, bwalo la Bingu ku Lilongwe linasanduka chipatala. Sabata yotsatira bambo anayamba kubanika, ndipo anatisiya ali kuchipatala. Dzulo lake la imfa ya nduna zija, South Africa inali itatseka zipata 20 zapamtunda, Beitbridge ili momwemo, mpaka pa 15 Febuluwale. Mlendo ankaloledwa kutuluka, koma kwa ine kutuluka kukanakhala kutsanzikana ndi ntchito imene ndinali nditangoyambiranso. Komanso ulendo wa pabasi wodutsa Zimbabwe ndi Tete si wa tsiku limodzi, pamene a zaumoyo anati maliro aikidwe msanga, bokosi osatsegula. Achimwene, munandiuza mawu amene ndinkaopa kudziuza ndekha, akuti, "Khalani komweko, mudzapeza manda." Ndinakukwiyirani usiku umenewo, koma munanena zoona ndipo munandichotsera mtolo wosankha.

Mwana wa achimwene, iwe unagwira foni m'mwamba mwambo wonse, dzanja likunjenjemera, chithunzi chikuduka n'kubwerera. Ndinaona adzukulu akutsitsa bokosi atamanga nsalu kukamwa. Ndinamva amayi a Chigwirizano akuimba ataima motalikirana. Zikomo afumu ndi mudzi wonse, chifukwa m'masiku amenewo maliro ena ankathawidwa, koma bambo anga sanaikidwe ngati mlendo.

Chimene sindidzaiwala ndi usiku wotsatira uthengawo. Ku South Africa kugona pamaliro kunali koletsedwa, ndipo pofika 9 koloko usiku aliyense ankayenera kukhala ali m'nyumba. Ndinkadziwa kuti ndilira ndekha. Cha m'ma 8 foni inalira, anali amayi apampando. Sanayankhule zambiri, anangoyambitsa nyimbo. Patapita nthawi anati, "Ndikudula, wina akubwera." Foni isanazizire inaliranso, mayi wina. Uyo anapemphera. Wotsatira anandifunsa kuti bambo anali munthu wotani, ndipo ndinapezeka ndikuseka posimba za njinga yawo yopanda mabuleki. Wina anangokhala chete, ndikumva kupuma kwake ndi mkonono wa mwana wake. Mayi uja wa 5G anatenga nthawi yovuta kwambiri, ya m'ma 3 mbandakucha. Munagawana maola mwakachetechete popanda ine kudziwa, ndipo munandigonera pasiwa mpaka kunja kunayera, aliyense ali m'chipinda chake, ena ku Randburg, ena ku Tembisa, mmodzi ku Cape Town. Mama nawo anayatsa kandulo monga mwa mwambo wa kwawo n'kukhala pakireti panja pa chitseko changa atafunda bulangete. M'mawa mwake chipepeso chimene munasonkha, anthu oti ambiri munalibe ntchito, chinapita kumudzi pa Mukuru n'kukathandiza pa bokosi ndi ufa.

Sindikunena kuti foni ikufanana ndi munthu wokhala nawe pamphasa. Sizifanana. Kulira kwenikweni ndinakalira nditagwada pamanda mu 2022, nditabwerera kumudzi. Koma foni zija ndi zimene zinandifikitsa ku 2022 ndili ndi nzeru zanga. Amene munakhala chete nthawi yonseyo, sindikusungirani kanthu. Ndamva nkhani zanu pambuyo pake, aliyense anali ndi chipinda chake chomutsekera.

Tsopano pempho langa. Mnyamata wa ku Nkhotakota uja anachoka pa spaza ine ndisanamalize kubweza, ndipo nambala yake inasiya kugwira. Ngongole ya m'kope anaitseka ndi ndalama zake, abwana ake ndi amene anandiuza. Ena akuti anapita ku Durban, ena akuti anabwerera kunyanja. Ngati alipo amene ankagwira pa spaza ku Cosmo City mu 2020 kapena akudziwa mnzake wotero, chonde mufikitseni uthengawu, kapena ndilembereni kumbali. Ndalama yake ndinaisunga padera, ndipo achimwene awonjezerapo thumba la mbatata.