Boma la Scotland liyankhe pa ntchito zimene lili nazo m'manja

Kuyambira mu 1999, zaumoyo ndi mayendedwe ku Scotland zimayendetsedwa ndi boma la ku Edinburgh, choncho zimandipweteka nduna zikamathamangira kuloza chala boma la dziko lonse la UK ku London nthawi iliyonse zinthu zikapanda kuyenda bwino.

Nkhani ya sitima ziwiri zapamadzi, Glen Sannox ndi Glen Rosa, ndiyo imandidya mtima kwambiri. Mu 2015 kampani ya Ferguson Marine ku Port Glasgow inapatsidwa ntchito yozipanga pa mtengo wa mapaundi 97 miliyoni, ndipo zinayenera kutha mu 2018. Glen Sannox inatsitsidwira m'madzi mu 2017 pamwambo waukulu ili ndi mazenera ongojambula ndi penti, koma inayamba kunyamula anthu opita ku chilumba cha Arran mu Januwale 2025, ndalama zowonongedwa zitakwera kupitirira katatu. Bungwe la Audit Scotland, lomwe limafufuza momwe ndalama za boma zikugwiritsidwira ntchito, linapeza mu 2022 kuti panalibe zikalata zokwanira zofotokoza chifukwa chimene nduna zinavomerezera mgwirizanowu popanda chitsimikizo chokwanira chobwezera ndalama, pamene okhala pazilumba ankadalirabe sitima zakale zowonongeka kawirikawiri.

Kuzipatala nakonso, lonjezo lakuti odwala mwadzidzidzi 95 mwa 100 alionse athandizidwe pasanathe maola anayi lakhala likulephereka kwa zaka zingapo.

Zoonadi, gawo lalikulu la ndalama limachokera ku Westminster, kumene kuli boma la UK, koma wosankha mozigwiritsira ntchito ali ku Holyrood, kunyumba ya malamulo ya Scotland, ndipo aphungu athu kumeneko ayenera kufunsa nduna mosaopa chipani mpaka zikalata zonse zitaikidwa poyera.