Pamene ndafika popanga zifanizo za zinc finger ndi ubiquitin

Chifanizo cha ubiquitin chimene ndakhala ndikupanga ndi waya wa kopa ndi mikanda tsopano chatha, ndipo ndalowa gawo limene ndinkalilakalaka kwambiri, lopanga tizigawo ta mapuloteni totchedwa zinc finger timene timazindikira ndi kugwira ubiquitin m'kati mwa maselo. Miyezo ndikuitenga ku Protein Data Bank, nkhokwe ya pa intaneti yosunga kapangidwe ka mapuloteni, n'kumaiyang'anitsitsa pa kompyuta ndi pulogalamu ya ChimeraX ndisanapinde waya. Puloteni ya ubiquitin ndi yaing'ono, ili ndi ma amino asidi (tizidutswa timene timalumikizana kupanga puloteni) 76 okha, koma selo imaimata pa mapuloteni ena kuti ikhale chizindikiro. Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose analandira mphoto ya Nobel mu 2004 chifukwa chotulukira kuti chizindikirochi chimatumiza mapuloteni kukaphwanyidwa. Komatu chizindikiro chilibe ntchito popanda wochiwerenga, ndipo owerengawo ndi amene andikopa mtima.

Pachifanizocho ndaika mikanda yofiira pa Leu8, Ile44 ndi Val70 (dzina lililonse ndi chidule cha amino asidi ndi nambala ya malo ake mu puloteni), malo atatu oyandikana amene sagwirizana ndi madzi, pomwe mapuloteni ambiri amafikira akafuna kugwira ubiquitin. Ma amino asidi a lysine (Lys) asanu ndi awiri, omwe ubiquitin imodzi imalumikizikirapo ndi inzake popanga unyolo, ndawapatsa mikanda yachikasu, pamene kumchira, pa ma glycine awiri, Gly75 ndi Gly76, ndaikako yoyera.

Kachigawo koyamba kamene ndapanga ndi NZF, kamene dzina lake linachokera ku puloteni ya Npl4. Kali ndi ma amino asidi pafupifupi 30, ndipo anayi mwa iwo, otchedwa cysteine, amagwira atomu imodzi ya zinki pakati pawo. Chimene manja andiphunzitsa bwino kuposa zithunzi n'chakuti zinki sikhudza ubiquitin ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya mzati wapakati pa nkhokwe kapena nyumba yozungulira: ndikachotsa mkanda wachitsulo umene ukuimira zinki, mawaya anayi oimira ma cysteine aja amatayana, ndipo ma amino asidi a threonine ndi phenylalanine a NZF, zimene zimayenera kukhala pa Ile44, zimachoka pamalo pake.

Nthawi yanga yambiri yathera pa NZF ya puloteni yotchedwa TAB2, ndipo sindikudandaula, chifukwa apa mpamene pali nkhani yokoma. TAB2 imagwira unyolo wolumikizidwa pa Lys63, ndipo ikatero imathandiza kudzutsa puloteni ya TAK1, imene imayambitsa uthenga wa chitetezo wotchedwa NF-κB selo ikamalimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Munthu angayembekeze kuti kachigawo kosankha unyolo wa Lys63 kazikhudza pamfundo penipeni, koma kapangidwe kamene gulu la David Komander ku Cambridge ndi la Shuya Fukai ku Tokyo anafalitsa mu 2009 kanasonyeza zina. NZF imakhala pakati pa ma ubiquitin awiri, n'kugwira malo a Ile44 a onse awiri nthawi imodzi, mbali imodzi uyu mbali ina uyo, osakhudza mfundo yowalumikiza. Kuti zimenezi zitheke unyolo uyenera kupindika, ndipo wa Lys63 umalola kupindika moteromo. Unyolo wolumikizidwa pa Met1, amino asidi yoyamba ya ubiquitin imene imathanso kukhala mfundo, ngakhale ukuoneka ngati mnzakeyo ukatambasuka, sungathe kupindika mofanana, choncho TAB2 imausiya. Ndinapanga ma ubiquitin ena awiri ang'onoang'ono, ndipo pa mfundo ya Lys63 ndinaika waya wofewa, kuti aliyense wonyamula chifanizocho azidzipindira yekha mpaka mikanda yofiira ya mbali zonse ifike pa NZF. Kwa ine uku ndiko kuzindikira kodabwitsa kuposa konse, pakuti kachigawoka kamadziwa mtundu wa unyolo poona mmene ukupindikira.

Zinc finger ina yotchedwa ZnF UBP, ya mu puloteni ya USP5, imene gulu la Keith Wilkinson linafotokoza kapangidwe kake mu 2006, imachita mosiyana kotheratu. Ili ndi kadzenje kozama momwe mchira wa ma glycine awiri umalowa, ndipo popeza mchirawu umakhala wotsekeka ubiquitin ikamatidwa pa puloteni ina, kadzenjeko kamalandira ubiquitin kapena unyolo umene uli paokha basi. Puloteni ya HDAC6 ilinso ndi kachigawo ka mtundu womwewu, ndipo mu 2014 zinadziwika kuti kachilombo ka influenza A kamanyamula maunyolo oterewa kuti HDAC6 ikathandize kutsegula chikuto chake m'selo. Kadzenjeka n'kovuta kukapanga ndi waya, moti ndikuganiza zokaumba ndi dongo.

Zinc finger ya mtundu wa A20 ya mu puloteni ya Rabex-5 ndangoiyeza pa kompyuta. Iyo imagwira ubiquitin cha pa Asp58, kutali ndi mikanda yofiira, kotero ndawonjezerapo mkanda wobiriwira pamenepo.

Chotsatira ndi zinc finger yotchedwa UBZ ya mu polymerase eta (puloteni yokopera DNA), imene imagwira ubiquitin yomatidwa pa Lys164 ya PCNA, puloteni yothandiza pokopera DNA, pamene DNA yawonongeka ndi kuwala kwa dzuwa. Anthu amene polymerase imeneyi sigwira ntchito mwa iwo amadwala mtundu wina wa matenda otengera ku makolo otchedwa xeroderma pigmentosum, ndipo khansa ya pakhungu imawagwira mosavuta. Popeza UBZ imagwira Ile44 ndi mbali yake yopotana, ndifunika waya wokhuthalako woti ndikaupota pa pensulo usabwerere.