Khomo lakumbuyo ku Stellenbosch

Sabata yathayi ndayimba malo anayi kuno ku Cape Town, atatuwo palibe chonena. Lachiwiri ndi Lachitatu malo athu aja a mtauni, monita (sipika yodzimvera tokha oimbafe) imodzi bandi yonse ngati kale, ndalama za pakhomo zongokwana thiransipoti basi. Lachinayi ukwati.

Loweruka ndiye landisowetsa tulo mpaka lero. Anatiitana ku munda wa mphesa kufupi ndi Stellenbosch, phwando la kampani ina, ife anayi: ine pa besi, wa ng'oma ndi wa saksofoni aku Gugulethu, wa piyano mzungu. Tabwera galimoto imodzi, zida tatsitsa limodzi, koma mlonda akuti atatu inu muzungulire kumbuyo mudzere kukhichini, mnzathu uja amulowetsa kutsogolo. Mlondayo wakuda ngati ife, akuyankhula maso ali pansi, akuti wauzidwa ndi manijala. Iyeyo ndilibe naye mlandu. Saundi cheki, kuyesa zida tisanayambe kuimba, mphindi 10 zokha, chakudya atiikira panja pafupi ndi mabini pomwe mnzathu amukonzera mpando patebulo la alendo. Anakana, ananyamula mbale yake kudzadya nafe.

Ine mtima unapsa ndimafuna tingopakira tizipita. Mdala wa saksofoni ndi amene anandikhazika pansi, nkuyamba kundifotokozera za Winston Mankunku Ngozi, katswiri wa saksofoni wa kuno ku Cape Town, kuti nthawi ya tsankho ankamuyimbitsa kuseri kwa katani pomwe azungu a bandiyo ali pasiteji, dzina nkumulengeza kuti Winston Mann kuti omvera asadziwe kuti akuliza ndi munthu wakuda. Anthu anavota 1994 koma katani uja sanachoke abale, anangomusuntha kumuika kukhichini.

Chigawo chachiwiri tinataya ndandanda ya nyimbo zofewa ija anatipatsa, wa ng'oma analowetsa ghoema, kaimbidwe ka ng'oma ka kuno ku Cape Town, mdala anaomba saksofoni ngati akulira maliro kenako nkuitembenuza kukhala chisangalalo, ine ndikungogwira pansi manja akunjenjemera. Nditatembenuka ndikuona mawetala ndi otsuka mbale adzaza pakhomo lomwe lija tinadzera, ena a kwathu ku Malawi, mayi wina mpaka nthungululu. Apo mpamene ndinamva mumtima kuti ufulu weniweni wa munthu wakuda udzafika ndithu, ndipo nyimbozi ndi zathu, tinkayimbira iwowo.

Ndalama yathu sinalowebe, manijala akungoti mawa. Kontirakiti iliyonse tsopano tikulembamo kuti bandi yonse ilowe khomo limodzi, idyenso malo amodzi, akakana sitipita.