Udzu wa pamigodi ya malasha ku America amauyeza bwanji

Teremu ino takhala tikuphunzira lamulo la ku America la mu 1977 lotchedwa SMCRA, lomwe pulezidenti Jimmy Carter anasainira. Limati kampani yokumba malasha mochotsa dothi lapamwamba iyambe yapereka ndalama za chikole chotsimikizira kuti idzakonzanso malowo, ndipo zimabwezedwa m'zigawo zitatu. Ikakwirira maenje n'kusalaza, imalandira mpaka magawo 60 pa 100. Zomera zikagwira, imalandirako zina. Zotsalazo iyenera kudikira zaka 5 kumene mvula imaposa mainchi 26 pachaka, monga ku West Virginia ndi Kentucky, kapena zaka 10 kumadera ouma ngati Powder River Basin ku Wyoming. Ikafesanso mbewu, kuthira feteleza kapena kuthirira mopyola chisamaliro cha nthawi zonse, zakazo amayamba kuwerenganso. Cholinga n'chakuti zomerazo zioneke kuti zingakhale zokha.

Kayezedwe kake n'kosavuta kumva. Amatambasula chingwe pamalopo, n'kumatsitsa kandodo pamalo oikika, kulemba chimene kakhudza: tsamba, zinyalala, mwala kapena dothi lopanda kanthu. Pofuna kudziwa kuchuluka kwa udzu, amamweta m'timabwalo ting'onoting'ono, kuumitsa n'kuika pasikelo. Mitengo amachita kuwerenga, ndipo wobzalidwa dzulo sauwerengera. Uyenera kukhala wathanzi komanso utakhalapo nyengo ziwiri zomera. Zonsezi amaziyerekeza ndi malo apafupi omwe sanakumbidwe, kapena ndi mlingo womwe boma lavomereza. Kupambana n'kufika magawo 90 pa 100 a mlingowo, masamu akusonyeza ndi chitsimikizo cha 90 peresenti kuti sizinangochitika mwamwayi. Apa mpomwe ambiri m'kalasi mwathu anatuluka thukuta, chifukwa malo a zigambazigamba amafuna timabwalo tambiri kuti masamuwo atheke.

Chandiganizitsa kwambiri ndi zomwe zinachitika kumapiri a Appalachia, kum'mawa kwa America. Kumeneko kunali nkhalango za mitengo ikuluikulu. Lamulo litabwera, makampani anaona kuti njira yachidule ndi kutsendera dothi ndi makina olemera kuti lisagumuke, kenaka kufesa udzu wa tall fescue ndi chomera cha sericea lespedeza, zomwe zimaphimba msanga. Kandodo kaja kamakhudza tsamba pafupifupi paliponse, chikole n'kubwezedwa. Koma dothi lotsendereka mizu ya mtengo silowa, ndipo mbande zimatsamwitsidwa ndi udzuwo. Patapita zaka zambiri, malo ochuluka anali akadali tchire la udzu basi. Makampaniwo sanabere. Anachita ngati mwana wasukulu woloweza mafunso a mayeso akale, ndipo ine sindiwadabwa. Vuto ndimaliona pa funso lomwe lamulo linafunsa.

Mu 2004 kunakhazikitsidwa ntchito yobwezeretsa nkhalango ya Appalachian Regional Reforestation Initiative, yomwe imalimbikitsa zosiyana ndi zija: kusiya dothi lofewa lakuya mapazi anayi kapena kuposa, osalitsendera, kufesa udzu wosakula msanga, ndi kubzala mitengo yamitundu iwiri, yoyamba kugwira ndi yamatabwa monga oak. Malo otere m'zaka zoyambirira amaoneka osakongola, a milu ya dothi ndi miyala, dothi likuonekera. Woyendera amene amangodalira kandodo angawapatse malikisi ochepa kusiyana ndi dambo la fescue. N'chifukwa chake pamalo obwezeretsa nkhalango, chiwerengero cha mitengo yamoyo pa ekala ndicho chimalemera kwambiri, ndipo udzu umangofunika wokwanira kuletsa kukokoloka kwa nthaka.